Nkaka imodzi ndi zaka 5 ku Chimbokaila. Nanga wogula wake ali kuti?

Amai ndi atate a pa Soweto, City Market, Kabwata, Chelstone, Chilenje ndi Mtendere! Lero tisiyeko pang'ono nkhani ya mtengo wa unga ndi ya malaiti, tikambe za nyama za m'thengo. Tidziwa ena ayamba kale kuseka, ati "ba chipani, njovu inalowa liti mu Soweto kuti tizikambirana za njovu?" Dikirani mumve. Nkhani iyi ikukhudzani kuposa mmene muganizira, ndaba lamulo loteteza nyama likafuna munthu womugwira, nthawi zambiri limayambira pa tebulo pa marketeer.

Nyama izi mwakhala nazo m'chitenje zaka zambiri. Ndalama zimene tinayamba kugwiritsa nchito mu 2013 zinali ndi njati pa K100, kambuku pa K50, lechwe pa K20, nungu pa K10, mkango pa K5, ndipo pa ka 50 ngwee kamene mumabwezera kasitomala panali njovu. Nkwazi ili pa mbendera. Mukapita ku Kabwata Cultural Village mupeza anzathu osema, tsiku lonse ali ndi kasemasema m'manja kupanga njovu, mvuu ndi zipembere za mtengo. Mzungu amene agula chosemacho anabwera mu Zambia kudzaona njovu yeniyeni ku Mfuwe kapena ku Livingstone. Njovu yeniyeni ikatha, ya mtengo nayonso siidzagulidwa, ndipo wosema uja sadzabweranso kwa imwe kudzagula tomato ndi kapenta.

Choncho tiyambe ndi kunena poyera: ife sititsutsa lamulo loteteza nyama. Amene afuna kumva chipani chikulonjeza kuti tikalowa aliyense azipha mbawala mmene afunira, apite kwina. Tinaona kale zimene zimachitika zinthu zikalekeleredwa.

M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi zipembere zakuda pafupifupi 12,000, limodzi mwa maiko amene anali nazo zambiri mu Africa yonse. Zambiri zinali m'chigwa cha Luangwa. Nyanga zake zinali ndi msika ku Yemen, kumene amapangira zigwiriro za mipeni, ndi ku Asia, kumene amazisandutsa mankhwala. Mfuti zinalowa, ndalama zinasinthana manja, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti mu Zambia mulibenso chipembere chakuda ngakhale chimodzi. Zaka zosakwana 30, 12,000 mpaka ziro. Munthu wa ku Mpika kapena ku Chama amene anawombera analandira zochepa, anadya, zinatha. Amene analemera anali ena, ovala masuti, amene sanalumidwepo ndi tsetse.

Kuzibweza kunali kovuta ndiponso kodula. Mu 2003 zipembere 5 zinabwera pa ndege kuchokera ku South Africa kupita ku North Luangwa National Park, ndipo pofika 2010 zonse zimene zinabweretsedwa zinakwana 25. Nchitoyi boma limaigwira pamodzi ndi Frankfurt Zoological Society, bungwe la ku Germany limene lili ku North Luangwa kuyambira 1986. Zipemberezo zaswana. Zili ndi ozilonda usiku ndi usana, ana a m'midzi ya komweko amene amagona m'thengo masiku ambiri, kutali ndi mabanja ao. Apa palibe chotsutsa. Ndi chinthu chonyaditsa, ndipo chikuonetsa kuti nyama imene inatha ingabwerere ngati pali ndalama, chilango ndi anthu okhulupirika.

Manje tibwere ku lamulo lenileni. Ndi Zambia Wildlife Act, nambala 14 ya 2015. Ndi lamulo limeneli limene linathetsa ZAWA n'kubweretsa Department of National Parks and Wildlife, imene ili pansi pa unduna wa zokopa alendo, ngakhale ambiri tikali kuwaitana kuti ba ZAWA kapena ba game. Lamuloli lili ndi mano. Ukapezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere, kapena nyama yotetezedwa monga nkaka, ulibe pepala, chilango chiyambira pa zaka 5 m'ndende ndipo kulibe zakuti ndilipire faindi. Woweruza ngakhale akumvere chifundo, manja ake ndi omangika. Nyama wamba ya m'thengo yopanda pepala nayonso ndi mlandu, faindi yaikulu kapena ndende, ndipo motoka imene yanyamula ingalandidwe.

Funsani manje kuti amene amalowa m'ndende ndi nkaka ndani. Muziwerenga nkhani za m'makhoti. Ndi mlimi amene anaipeza m'munda, mnyamata wopanda nchito amene anamva mphekesera ati "nkaka ndi ndalama maningi ku Lusaka", dalaiva amene anauzidwa kuti nyamula saka iyi. Amaiika mu saka, masiku angapo osadya kanthu, ndaba nkaka imadya nyerere ndi chiswe chabe ndipo siidya nsima ya munthu. Amafika nayo mu town kusakila wogula. Kawirikawiri wogula amene amakumana naye pa lodge kapena pa filling station amakhala wapolisi wovala zovala wamba. Basi, zaka 5. Mkazi wake atsala ndi ana, mwina ndi mmodzi wa imwe amene mukuwerenga, amene manje mugulitsa chibwabwa pa njanji kuti mupeze ya transport yokamuona.

Sitikunena kuti mnyamatayo alibe mlandu. Nkaka ndi nyama imene ikugulitsidwa mobisa kwambiri pa dziko lonse, imabala mwana mmodzi chabe pa nthawi, ndipo ikaopsezedwa siithawa, imangodzipinda ngati mpira, munthu n'kuitola. Maiko atakumana ku Johannesburg mu 2016 pa msonkhano wa CITES anagwirizana kuletsa malonda onse a nkaka pakati pa maiko. Mamba ake, amene anthu amafera, ndi chinthu chimodzi ndi zikhadabo za m'manja mwanu. Sachiritsa matenda alionse. Koma mphekesera ija yakuti nkaka ndi ndalama siinayambire ku mudzi. Pali amene amagula zoona, amene amasonkhanitsa mamba, amene ali ndi pasipoti ndi nzake pa boda. Unyolo uwu uli ndi mutu ndi mchira. Ife timaona mchira chabe ukudulidwa, chaka ndi chaka.

Chimodzimodzi ndi nyama youma. Aliyense mu Lusaka adziwa mmene imayendera, tisanamizane. Imachokera ku Mumbwa, ku Itezhi-Tezhi, ku Namwala, ku Luangwa ndi Rufunsa, yobisidwa pansi pa masaka a malasha kapena m'katoni ya nsomba. Siiyalidwa pa tebulo ngati Hungarian. Imayenda pa foni, nyumba ndi nyumba, ofesi ndi ofesi. Ndipo tiuzeni, mai amene agula pamela ndi mafuta a K5 madzulo alionse, angakwanitse mtolo wa nyama ya njati? Amene amaitanitsa ndi a mageti amagetsi, ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Ibex Hill, amene amauza alendo ao pa braai ati "iyi ndiye nyama yeniyeni, osati ya mu butchery". Mai wonyamula akagwidwa pa roadblock ya pa Mumbwa Road, foni ya bwana uja imazima. Kodi munamvapo kuti ba game agogoda pa geti ku Kabulonga kufuna kuona mu deep freezer?

Mtengo wa braai imeneyi ukuoneka ku Kafue Flats, pafupi chabe ndi ife. Kuli mtundu wa lechwe umene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma ku Lochinvar, ku Blue Lagoon ndi madambo ozungulira. M'zaka za m'ma 1970 analipo pafupifupi 100,000. Atawerengedwa mu 2015 sanakwane 30,000. Si mfuti ndi misampha chabe. Madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge anasintha mmene madzi amasefukira, ndipo chitsamba chaminga chochokera kunja chinalanda malo odyera. Koma msika waukulu wa nyama yake ndi Lusaka, ndipo izi sizobisika.

Apa tikambe ngati a pa banja limodzi. Amai, munthu akakubweretserani saka ati "sungireniko, ndibwera mailo", yang'anani mkati. Akakuuzani kuti gulitsireniko nyama iyi mudzadyapo, funsani pepala. Nyama ya m'thengo yololedwa ilipo, imachokera ku ma game ranch, ndipo wogulitsa amakhala ndi chilolezo cha ba National Parks. Yopanda pepala, phindu lake ndi la wina, ndende ndi yanu. Ndiponso simudziwa kuti nyamayo inafa bwanji. Mu 2011 ku Chama anthu oposa 500 anadwala anthrax atadya ndi kugwira nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mu Luangwa, ndipo ena anamwalira. Ikauma n'kudulidwa, mvuu yodwala ndi njati yabwino zimaoneka chimodzimodzi.

Imwe ogulitsa nsomba mumvetsa bwino nkhani yoteteza kuposa a mu ofesi. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuli fish ban, nthawi imene nsomba zimaswana. Miyezi itatu imeneyi ndi ya njala, ndi ya ma fees ndi mayunifomu, chilimba chikudikira, wa kaloba ali pa khomo. Mumapirira, ndaba mudziwa kuti mukadya mazira lero, mu June simudzaoda kanthu. Amene agwidwa ndi nsomba nthawi ya ban amalandidwa katundu yense, capital yonse kupita.

Manje yerekezani ndi izi. Pa 18 February 2025 damu la zonyansa za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika. Malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi zimene zinalengezedwa poyamba, analowa mu mtsinje wa Mwambashi n'kupita mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa mtunda wautali, minda ya anthu inapsa, Kitwe inatsekeredwa madzi. Zinachitika mkati mwa fish ban yeniyeni, pamene mai wa pa Soweto sanali kuloledwa kugwira ngakhale ka bream kamodzi kochokera mu Kafue. Uyu ndi mtsinje umene umadutsa mu Kafue National Park, umene lechwe uja amamwa, umene ife a mu Lusaka timamwa. Tsiku limodzi chabe, kampani imodzi inapha zamoyo zosawerengeka. Tiuzeni dzina la bwana mmodzi amene anagona ku Kamfinsa chifukwa cha zimenezi. Mnyamata wa nkaka imodzi tidziwa kumene ali.

Pali mbali ina imene ikuwawa kwambiri ife a kum'mawa, ndipo ambiri a imwe kwanu ndi ku Lundazi, ku Lumezi, ku Chipangali, ku Mambwe. Mu July 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park ku Malawi, nchito ya boma la Malawi ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks. Pa pepala inali nkhani yabwino, kubweza njovu kumene zinatha. Koma Kasungu ili pa malire ndi Zambia, ndipo njovu siidziwa boda, siidinditsa pasipoti pa Mwami. Zinayamba kulowa m'minda ndi m'midzi mbali zonse ziwiri. Anthu afa, nkhokwe zagwetsedwa, chimanga, nshawa ndi mpendadzuwa za chaka chonse kutha usiku umodzi. Mu 2025 maloya a Leigh Day a ku London analengeza kuti akuimira ena mwa anthu ovutikawa a ku Zambia ndi ku Malawi pofuna chipukuta misozi kwa IFAW, ndipo IFAW ikukana kuti ili ndi mlandu. Izo zidzaweruzidwa kumene zidzaweruzidwe. Funso lathu ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mlimi wa ku Lumezi afunika loya wa ku London? Boma lake lili kuti?

Yankho lili mu lamulo lomwe lija. Limanena kuti nyama zonse za m'thengo zili m'manja mwa President m'malo mwa dziko. Ukapha njovu, wapha katundu wa boma, ndipo zaka 5 ndi poyambira chabe. Koma njovu ya boma ikapha amuna ako kapena kudya munda wako, lamulolo lilibe chipukuta misozi. Ng'ombe ya neba ikadya chimanga chako, mumapita kwa a mfumu, neba amalipira. Mwini njovu yekha ndiye salipira. Ba game akabwera, mwina amaombera m'mwamba, mwina amapha njovu imodzi, anthu agawana nyama, nkhani yatha. Mai wamasiye atsala ndi ana 6 ndi munda wopanda kanthu.

Ndipo musaganize kuti izi ndi za ku mudzi chabe. Nshawa zimene mumaoda, nyemba za ku Lundazi, mpunga wa ku Chama, zimachokera kumene kuli njovu. Munda ukadyedwa, ndimwe amene mumalandira foni usiku, ndimwe amene mumatumiza ka mobile money kuchotsa pa capital, ndimwe amene mumalandira mwana wa achemwali kudzakhala naye m'ka room kamodzi ku Kalingalinga. Chipukuta misozi chimene boma silipereka, amene akupereka ndi marketeer.

Adzakuuzani kuti anthu a m'midzi amapindula kudzera m'ma Community Resources Board. Zoona, dongosolo lilipo. M'madera ozungulira mapaki, theka la ndalama zimene osaka nyama olemera amalipira pa nyama iliyonse liyenera kubwerera kwa anthu, gawo lochepa kwa a mfumu ndipo lalikulu kwa bodi, kuti alipire ma scout a m'mudzi ndi kumanga zipatala ndi masukulu. Koma kuchokera pamene ZAWA inatha, ndalamazi zimayamba zalowa mu thumba lalikulu la boma kuno ku Lusaka, ndipo ma bodi akhala akudandaula zaka ndi zaka za kuchedwa kwake. Scout amene wakhala miyezi osalandira, muganiza akaona msampha amachotsa ndi mtima wonse? Imwe mudziwa bwino nkhani iyi. Levy mumalipira tsiku lililonse, koma chimbudzi cha pa msika chili mmene chinalili.

Vuto ili silinayambe ndi UPND, ndipo sitidzanama kuti linayamba mu 2021. Koma amene ali pa mpando lero ndi iwo. A Rodney Sikumba anasankhidwa kukhala nduna ya zokopa alendo mu 2021. Boma limadzitama kuti alendo obwera mu Zambia anapitirira 2 miliyoni mu 2024. Mu 2022 linasainirana ndi African Parks pangano la zaka 20 loyendetsa Kafue National Park. Mu 2023 ZEMA inaletsa mgodi wa kopa umene unafuna kutsegulidwa mkati mwa Lower Zambezi National Park, ndipo pamenepo tinaomba m'manja, ndaba chinali choyenera, ngakhale kuti anthu wamba ndi mabungwe ndiwo anakuwa zaka zambiri kuti zitheke. Ndiye ngati angathe kusaina mapangano a zaka 20 ndi kuwerenga alendo mamiliyoni, chavuta n'chiyani kulemba ndime imodzi m'lamulo yonena kuti munthu wophedwa ndi njovu, banja lake lilandire chakuti? Ku Kenya lamulo lao la 2013 lili ndi ndime yotere. Ku Botswana boma limalipira mlimi amene njovu yamudyera munda. Kumenekonso anthu amadandaula kuti ndalama zimachedwa ndipo n'zochepa, koma ali ndi pepala lokadandaulira. Wathu alibe ngakhale fomu.

Tisanamalize, amai a chikanda, tikunong'onezeniko. Tumbatata timene mumasinja tija ndi mizu ya maluwa a m'dambo amene salimidwa, amangokumbidwa. Mwaona nokha kuti masiku ano chambiri chimachokera kutali, ku Tanzania kudzera pa Nakonde, ku Congo, ku Angola, ndaba madambo athu ambiri anakumbidwa mpaka kutha. Ku Tanzania anafika pokhazikitsa Kitulo National Park mu 2005, makamaka kuti ateteze maluwa amenewa. Tsiku lina wina mu ofesi adzadzuka n'kunena kuti chikanda chaletsedwa, ndipo mudziwa kale amene adzayamba kulandidwa beseni. Nthawi yokamba ndi ino, kuti ofufuza a ku UNZA ndi ku Copperbelt University athandizidwe kupeza njira yochilima, ndi kuti ogulitsa akhale pa tebulo pamene malamulo akulembedwa, osati kumva pa wailesi.

Ife tikuti lamulo la 2015 litsegulidwenso ku Parliament. Chilango cha wozembetsa minyanga ndi mamba chikhale pomwepo, ngakhale kukwera, koma ofufuza atsate foni ndi ndalama mpaka kwa wogula, ndipo woweruza apatsidwe mpata wosiyanitsa mlimi amene wagwidwa koyamba ndi mwini unyolo. Pakhale thumba la chipukuta misozi, lochokera pa ndalama zomwezo za alendo ndi osaka nyama, lokhala ndi masiku odziwika olipirira. Gawo la ma bodi lipite kwa eni ake mwachindunji, osayamba lazungulira mu Lusaka. Kampani yothira poizoni mu mtsinje iweruzidwe monga wopha nyama, ndaba ndi chimene yachita.

Ndipo pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene sikafuna ngakhale Parliament. Lusaka National Park inatsegulidwa mu 2015, kupitirira Bauleni mukatenga Leopards Hill Road. Muli mbidzi, nyamalikiti ndi nchefu. Kuyambira 2022 ana a njovu amasiye, amene amai ao ambiri anaphedwa ndi opha nyama mobisa, anasamutsidwira komweko kuchokera ku Lilayi, ndipo a Game Rangers International amawamwetsa mkaka wa m'botolo mpaka atakula kuti akawazoloweretse thengo ku Kafue. Ndi pafupi kuposa ku Kafue town. Koma wopanda motoka yake safikako bwino, ndipo ana ambiri a ku Chawama, Kanyama ndi Mtendere njovu anaionera pa 50 ngwee chabe. Unduna ndi khonsolo aike basi imodzi Loweruka lililonse, yonyamukira pa City Market, ya ana a ma marketeer, kulowa ulere. A chairlady a m'misika, lembani maina a ana, mupite nawo kwa kansala wanu sabata ino, ndipo mumufunse tsiku limene basi idzabwera.